Anamutuma Kukafunsira Bwenzi Lake Lomwe

"Werenganso apo pomalizira," anatero Talandira.

Anali atakhala pa khoma la damu lakale, pamene mabango anakula mpaka kubisa anthu awiri kwa aliyense wodutsa pa msewu wa mathirakitala. Iye ndi Mcloud ankakumana pamenepa Lamlungu masana, anthu a m'komboni akamapuma atachoka ku tchalitchi. Chikondi chawo chinali cha m'mabango basi. Bambo ake a Talandira, a Lazaro, anali atanena kale pagulu kuti mwana wawo sadzakwatiwa ndi munthu wodya za maricho, maganyu a tsiku ndi tsiku, ndipo Mcloud chimalizireni sukulu ankangodya za marichowo, lero kupalira fodya wa uyu, mawa kusenza nkhuni za ku balani kwa uja.

Koma tsopano ntchito inali itapezeka. Bwana Gwatidzo, amene anatenga famuyi mzungu atachoka, ankafuna mnyamata womuthandiza pa zake, ndipo pa onse amene anakaima pa khomo la ofesi anasankha Mcloud.

Mcloud anapukuta galasi long'aluka la foni yake n'kuwerenganso uthenga wa ntchitowo, akumasulira Chizungucho pang'onopang'ono. "Akhale wodziwa kuyendetsa galimoto, wosunga chinsinsi, wolankhula Chishona, Chizungu ndi Chichewa. Adzaimira bwana kulikonse kumene angatumidwe, ndipo adzagwira ntchito zina zilizonse zimene bwana angaone kuti n'zoyenera."

"Zilizonse," anatero Talandira. "Mawu amenewo alibe mpanda, Mcloud. Akakuuza kuti umusambitse galu wake?"

"Umu ndi mmene amalembera onse. Akutanthauza kukatenga feteleza ku Karoi, kukalipira magetsi, zoterozo."

"Nanga Chichewacho? Munthu amene amatitchula kuti mabwidi, ana a anthu opanda kwawo, lero Chichewa chamukomera bwanji?"

"Mwina akufuna wolankhula ndi nkhalamba za m'komboni."

"Kuziuza kuti zisamuke."

"Iwe Tala, ukapatsidwa mkaka umayamba wafufuza ntchentche."

Talandira anaseka ngakhale sankafuna. Mphepo inagwedeza mabango, tinthenga take toyera n'kugwera m'tsitsi mwa Mcloud, ndipo mtsikanayo anayamba kutichotsa kamodzikamodzi, osafulumira, kuti dzanja lake likhalitseko pamenepo.

"Fodya akangopita ku okushoni," anatero Mcloud motsitsa mawu, "ndituma amalume anga ku Shamva, kwa amalume ako a Cipriano. Tichita zonse mwa chikwathu. Sitidzabisalanso ngati nkhanga."

*

Fodya asanatuluke n'komwe m'mabalani, Mcloud anali atazidziwa zina mwa ntchito zija. Anatsuka galimoto. Ananyamula chikwama. Anadikira panja pa bala ku Karoi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Anayankha foni ya mai Gwatidzo a ku Harare n'kuwanamiza kuti bwana ali kumunda. Ku komboni anyamata anamupatsa dzina loti Mchira.

Mu ofesi munkakhala Ruvimbo, kalaliki wa famu, mwana wa mlongo wake wa bwana. Ruvimbo anali ataitanapo Mcloud kuti akadye nkhuku ndi tchipisi ku tauni, Mcloud n'kukana mwaulemu. Anamuitananso, n'kukananso. Kenako Lolemba lina anaona tinthenga ta mabango pa kolala ya Mcloud, ndipo madzulo ake anationanso pa duku ya Talandira ku mjigo. Anangoyamba kumwetulira kwambiri.

Lachinayi bwana anaitana Mcloud.

"Mupfana, mnyamata iwe, tseka chitseko. Umamudziwa mudhara Lazaro, mkulu wosankha fodya uja?"

"Ndimawadziwa, shefu."

"Ali ndi mwana wamkazi. Wamtali, amayenda ngati dothi la famu yanga likumudetsa. Ndikumufuna."

"Mu ofesi, shefu?"

"M'nyumba. Nyumba ya pano ilibe mkazi. Ya ku Harare ili ndi mkazi wokwanira nyumba zitatu, koma iye fumbi salifuna." Gwatidzo anaseka yekha, mimba ikugunda tebulo. "Loweruka upite kwa bambo ake. Ukhale munyai wanga."

Munyai ndi munthu amene Ashona amatuma kukawafunsira mkazi. Mcloud ankadziwa zimenezo ngati mwana aliyense wobadwira kuno.

"Shefu, munyai amakhala munthu wamkulu, wapabanja pake, wodziwika ku mbali zonse ziwiri."

"Kwa anthu okhala ndi mutupo, chiwongo cha makolo awo, inde. Inu muli ndi mutupo wanji? Kumusha kwanu n'kuti? Nditume mkulu wa kwathu akagwade m'komboni, pakati pa zimbudzi ndi nkhuku? Iwe wakwana. Chichewa chija ndinkachifunira chiyani, ukuganiza?"

"Koma imeneyi si ntchito ya..."

"Ruvimbo," anaitana bwanayo, osatembenuka. "Mukumbutse mnyamatayu zimene anasainira."

Chitseko chinatseguka msanga kwambiri, ngati munthuyo anali atachitsamira kale. Ruvimbo sanafune ngakhale pepala. "Adzaimira bwana kulikonse kumene angatumidwe, sekuru," anatero kwa amalume akewo.

"Wamva. Ngati zakukulira, siya kiyi ya galimoto pa tebulopa. Ndipo ukawauze mai ako kuti nyumba akukhalamo ndi ya antchito anga, si ya akazi amasiye."

Panja pa ofesi Ruvimbo anamupeza atatsamira thanki ya madzi.

"Ndine ndinawauza sekuru kuti palibe amene amaidziwa nyumba ya a Lazaro kuposa iwe," anatero akuyang'ana zikhadabo zake zofiira. "Ndinalakwa?"

*

Masana omwewo foni ya Talandira inanjenjemera ali mu shedi yosankhira fodya. Unali uthenga wa Mcloud, womuuza zimene bwana wamutuma. Anauwerenga kawiri, manja ali ndi phula la fodya, kenako anatuluka kukaima kuseri kwa mabelo.

Analemba: Wakana?

Mcloud anayankha: Ndikakana, mai anga agona pa msewu. Koma mvera, ndaganiza bwino.

Talandira: Waganiza.

Mcloud: Bwana wandituma kwa bambo ako. Sakudziwa kuti kwathu mwana ndi wa amalume. Ine ndipita kwa bambo ako monga wanenera. Bambo ako adzati nkhani iyi si yanga, pitani ku Shamva kwa a Cipriano. Ndidzabwerera kukanena kuti ndagwira ntchito. A Cipriano ali m'migodi, foni yawo sigwira. Nkhani idzazizira yokha.

Talandira: Ndiye kuti udzalowa pa khomo pathu, udzagwada, udzatsegula pakamwa pako pomwepo, n'kundipempha m'dzina la mwamuna wina.

Mcloud: Ndi mawu chabe, Tala.

Talandira: Nawonso aja a ku damu anali mawu chabe?

Mcloud anayamba kulemba, n'kusiya, n'kuyambanso. Talandira ankaona timadontho tikuvina pa foni. Pomaliza panabwera kamtima kofiira.

Talandira: Kamtima kameneko kampatse shefu wako. Mwina nakonso kali pa ntchito zina zilizonse.

Anathimitsa foni. Koma atabwerera pa benchi anapeza kuti wasakaniza masamba ofiirira ndi achikasu, chinthu chimene sanachitepo chiyambireni.

*

Lachisanu Talandira anakumana ndi Ruvimbo pa takishopu. Talandira ankagula sopo. Ruvimbo sankagula kanthu.

"Masikati, ambuya," anatero Ruvimbo akuwomba m'manja mwaulemu wonyanyira. Kwa Ashona mkazi wa amalume ako ndi ambuya ako, ndipo akazi awiri amene anali pa mzere anamva bwino lomwe n'kuyang'anana.

"Ambuya ako ali ku Harare," anayankha Talandira. "Kapena ukufuna ndiwaimbire, ndiwauze kuti mwana wawo wayamba kugawa udindo wawo pa takishopu?"

"Musakwiye. Mukalowa m'nyumba yaikulu mudzasiya kununkha fodya. Mnyamata wanu uja musade naye nkhawa, ndidzamusamala. Ndi womvera kwambiri. Ukamuuza khala, amakhala."

"N'chifukwa chake wamukonda. Woganiza yekha sangakuyandikire."

Ananyamula sopo wake n'kutuluka mutu uli m'mwamba. Koma mawu aja anamutsatira njira yonse mpaka kunyumba, chifukwa sankatha kuwatsutsa.

*

Loweruka m'mawa Mcloud anaimika galimoto patali, pafupi ndi shedi. Gwatidzo anatsalira mkati, magalasi otseka, Ruvimbo ali pa mpando wakumbuyo. Bwanayo anati akufuna yankho likadali lotentha.

Mcloud analowa m'komboni atavala jekete lobwereka. Ana anasiya mpira wawo n'kumutsatira. Pa khomo la a Lazaro anavula nsapato, n'kukhala pansi pa dothi, n'kuyamba kuwomba m'manja mwa Chishona.

A Lazaro anali pa mpando wawo wa waya, akusoka chingwe cha patapata. Akazi awo, a Emelia, ankasankha nyemba pa lichero. Talandira anali m'nyumba, kuseri kwa nsalu yotchinga khomo, pamene ankatha kuona zonse.

"Iwe Mchira," anatero a Lazaro osakweza mutu, "ukuwombera ndani? Pano pafa munthu?"

"Ndatumidwa, bambo."

"Ndi mmene umakhalira. Nena."

Mcloud anatulutsa envulopu m'jekete. "Bwana Gwatidzo andituma ngati munyai wawo. Iyi ndi yotsegulira pakamwa. Akuti..." Anayang'ana nsalu ya pa khomo, n'kuona zala zinayi zitaigwira m'mphepete. "Akuti aona duwa pa khomo pano. Akupempha Talandira."

Nyemba zinasiya kulira pa lichero.

Mcloud anadikira mawu amene ankawayembekezera: pitani ku Shamva. Anali atawamva m'mutu mwake usiku ndi usana, mpaka ankadziwa ndi mmene a Lazaro adzakwezere dzanja powanena.

Koma a Lazaro anaika patapata pansi pang'onopang'ono. "Wati akutuma kwa ndani?"

"Kwa inu, bambo. Ngakhale ndikudziwa kuti mwa chikwathu nkhani zotere zimapita kwa amalume, ndiye ngati mungandiuze kuti..."

"Anatchula dzina langa?"

"Anati mudhara Lazaro."

Nkhope ya mkuluyo inasintha. Anakhala tsonga, n'kukoka malaya ake kuti abise pamene panang'ambika.

"A Lazaro," anatero a Emelia mwakachetechete, "muuzeni mwanayu apite kwa achimwene. Nkhani iyi si ya pa mpando wanu."

"Si ya pa mpando wanga." A Lazaro anaseka mowawa. "Mai a Loveness, pamene mwana wathu woyamba ankakwatiwa, anthu anakwera basi kupita ku Shamva. Anadya nkhuku ndi Cipriano, anapangana zonse. Ine anandiuza tsiku la ukwati ngati mmene amauzira woimba kwaya. Ndinabwera pa khomo la makolo anu ndili mnyamata, ndakalambira pano, mpaka lero akunditchula kuti mkamwini. Tambala wobwereka. Cipriano anagulapo yunifolomu ya mwana ameneyu? Anamunyamulapo kupita naye ku kiliniki?"

"Mwambo ndi mwambo."

"Mwambo wa kuti? Inu munabadwira pa famu ino. Ine ndinabadwira ku Norton. Ku Dedza kumene mumatchulako munakuonapo? Kuno ndi ku Zimbabwe. Kuno mwana ndi wa bambo ake, ndipo lero munthu wa galimoto wadziwa khomo loyenera kugogoda."

"Wadziwa khomo? Munthu wakutumizirani wotsuka galimoto wake, inu mukuti wakulemekezani?"

A Lazaro anachita ngati sanamve. "Bweretsani mbale."

"Mbale yanji?"

"Ya mtengo. Imene amaikamo ndalama."

"Tinaitenga kuti mbale ya mtengo? Mwayamba liti Chishona chimenechi, inu amene mumati nsima yawo ija, sadza, ndi yolimba ngati njerwa?"

A Lazaro anadzuka okha, n'kutenga mbale yachitsulo imene nkhuku zinkamwera, n'kuikhuthula, n'kuipukuta ndi malaya. Anaiika patsogolo pa Mcloud. Anthu anali atayamba kudzaza kuseri kwa mpanda wa udzu.

Mcloud anagwiritsa envulopu ija. "Bambo, mwina musafulumire. Mwina muyambe mwafunsa..."

"Iwe ndiwe munyai wa ndani? Ika."

Anaika. Manja ake omwe anatsegula envulopu, n'kuyala ndalamazo m'mbale ya nkhuku.

"Talandira," anaitana a Lazaro. "Tuluka."

Anatuluka atavala diresi lake lobiriwira, lomwe ankavala Lamlungu. Sanayang'ane bambo ake, kapena mbale, kapena anthu a pa mpanda. Anayang'ana Mcloud yekha, monga mmene munthu amayang'anira chimanga chimene wachipeza chitafumbwa m'nkhokwe.

"Ndinaona ku ukwati wa mwana wa folomani," anatero a Lazaro monyada. "Mtsikana amatola ndalama m'mbale. Akatola, ndiye kuti wamulola mwamunayo. Tola, mwanangu. Udzagona m'nyumba ya magetsi. Ife sadzatithamangitsanso pano."

Talandira anagwada pafupi ndi mbale, maondo ake pafupifupi kukhudza a Mcloud.

"A munyai," anatero mofatsa, "musanandione ndikutola, palibe china chimene mukufuna kunena pa khomo pano? Chanuchanu, chosatumidwa?"

Mcloud anatsegula pakamwa. Anaona mai ake ataima pakati pa anthu a pa mpanda, atagwira chibwano. Anaona denga loyera la galimoto kuseri kwa shedi. Anatseka pakamwa, n'kuyang'ana pansi.

"Ndinadziwa," anatero Talandira.

Anatambasula dzanja n'kutola ndalama imodzi. Mayi wina pa mpanda anayamba kululutira. A Emelia anaphimba nkhope ndi lichero. A Lazaro anali akudzuka kale kuti agwire dzanja la munyai.

"Bambo, dikirani. Mwati ndikatola ndiye kuti ndamulola mwamunayo?"

"Eya, mwanangu."

"Mwamuna amene wandipempha."

"Yemweyo."

"Ine amene ndamumva akundipempha ndi uyu." Anapinda ndalamayo n'kuilowetsa m'thumba la jekete la Mcloud, n'kusisita pamwamba pake ngati akutseka. "Wavula nsapato ndi uyu. Wagwada ndi uyu. Winayo mawu ake sindikuwadziwa, sanandipatsepo ngakhale moni. Ndipo kuti musavutike kufunsa anthu, uyu ndi amene ndimakhala naye ku damu Lamlungu lililonse, pamene ndimakuuzani kuti ndili ku kwaya."

Nthungululu ija inadukira pakati.

"Wati chiyani?" anafunsa a Lazaro. Mawu awo anali atachepa.

"Tala," ananong'ona Mcloud, "watipha."

"Usanditchule choncho pano. Usaganize kuti ndakusankha chifukwa ndiwe mwamuna wolimba. Ndakuona lero, ndipo komboni yonse yakuona. Unafuna kubisala kuseri kwa amalume anga, monga unkabisalira kuseri kwa mabango. Mabango atha, Mcloud. Ndakukonda ndili wopusa, ndipo ndimakukondabe, ndiye manyazi amenewa tigawana."

A Lazaro anakankha mbale ndi phazi, ndalama n'kumwazika pa dothi. "Tsiku limodzi lokha," anatero, osayang'ana aliyense. "Tsiku limodzi lokha limene munthu anabwera kwa ine." Kenako anatembenukira kwa Mcloud. "Iwe galu, unadziwa zonsezi, n'kubwera kudzandiseweretsa pa khomo panga?"

Anthu a pa mpanda anali akupatuka, akupereka njira. Gwatidzo anali atamva nthungululu ija ali m'galimoto, ndipo sanathe kudikiranso. Ankabwera akupewa matope ndi nsapato zake zonyezimira, akumwetulira mbali zonse ngati munthu wopambana chisankho. Ruvimbo ankamutsatira, atanyamula bulangete latsopano la apongozi, likadali m'pulasitiki.

Bwanayo anaima pa khomo. Anaona ndalama pa dothi, nkhuku ikujompha imodzi. Anaona nkhope ya a Lazaro. Kumwetulira kwake kunatsala theka.

"Mupfana," anatero, "zayenda?"

Mcloud anali akadali pansi, wopanda nsapato, ngodya ya ndalama ikusuzumira m'thumba lake. Mai ake anali atafika kutsogolo kwa anthu onse.

Talandira anadzuka, n'kusasa fumbi pa diresi lake, n'kulankhula m'Chishona chomveka bwino kuti pasapezeke wofuna womasulira.

"Zayenda, shefu. Ndalola. Munyai wanu akuuzeni yekha amene ndamulola."